Abusa, Bambo, Ambuye kapena Mneneri: ndidzawatchule bwanji pa mwambo wa chiliza?

Wowerenga wina watilembera motere: "Zikomo. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Ntcheu. Mwezi wamawa tili ndi mwambo wovundukula chiliza cha agogo athu aakazi, ndipo abale andisankha kuti ndilembe pulogalamu komanso ndidzayendetse mwambo. Vuto ndi lakuti banja lathu ndi losakanikirana. Malemuwo anali Mkatolika, ana awo ena ali ku CCAP, azakhali anga amapemphera kwa mneneri wina ku Lilongwe ndipo akuti adzabwera naye, pomwe amalume ndi a Mboni za Yehova. Pa maliro paja, amene ankayendetsa mwambo adatchula wansembe kuti 'abusa a Katolika' ndipo anthu adang'ung'udza, mpaka lero akuikambabe. Kodi mbusa ndi wansembe si chimodzimodzi? Nanga mkulu wa mpingo, mtumiki ndi katekisiti, wamkulu ndani? Anthu wamba a mumpingo ndiziwatchula chiyani? Sindifuna kudzachita manyazi pamaso pa akuluakulu."

Achimwene, mtima m'malo. Zimene zikukusowetsani tulozi zimapunthwitsa ngakhale owerenga nkhani pa wailesi, anthu oti Chichewa ndiye ntchito yawo. Ndaphunzitsa chiyankhulochi kwa zaka zambiri, ndayendetsa maukwati ndi maliro, ndathandizako kumasulira zikalata za mipingo yosiyanasiyana, ndipo chimene ndaona n'chakuti atsogoleri eni akewo sakwiya kawirikawiri. Wansembe amene adatchulidwa kuti abusa uja mwina adangomwetulira. Amene amang'ung'udza ndi akhristu ake, chifukwa kwa iwo dzinalo likunena za mpingo wawo ndi zimene umakhulupirira. Choncho chimene ndikupempheni kuti mugwiritsitse ndi ichi: dzina la udindo ndi la mpingo umene udalipereka. Inu woyendetsa mwambo simukufunika kuweruza kuti dzina loyenera ndi liti. Mungodziwa kuti mpingo wa munthuyo umamutchula chiyani, inunso mutchule chomwecho.

Kuti mumvetse chifukwa chake mawuwa adasiyana, simufunika kupita kutali, yang'anani boma lanu lomwelo. Ansembe a Katolika a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Nzama mu 1901. A Dutch Reformed, amene adayambira ku Mvera mu 1889, adafika ku Mlanda. A mishoni ya Blantyre, yomwe idayamba mu 1876, adali ndi ntchito yawo ku Nthumbi, kumene adatumikirako Harry Kambwiri Matecheta, yemwe pamodzi ndi Stephen Kundecha adadzozedwa ubusa mu 1911. Magulu amenewa sadakhale pansi pamodzi kuti agwirizane mawu. Gulu lililonse lidatola m'Chichewa mawu ogwirizana ndi chiphunzitso chake, ndipo pomwe lidasowa mawu lidangobwereka. Ngakhale Baibulo lidatuluka pawiri: Buku Lopatulika la Apulotesitanti lidatha mu 1922, Akatolika adali ndi lawo la Malembo Oyera kuyambira 1966, ndipo lomasulira limodzi, Buku Loyera, lidabwera mochedwa mu 1998. Pofika nthawi imeneyo pakamwa pa anthu panali patakhazikika kale.

Tiyambe ndi mawu awiri amene adautsa mapiri pachigwa pa maliro aja. Mawu akuti wansembe adalipo amishoni asanabwere. Ankanena munthu wopereka nsembe kwa Chauta ndi kwa mizimu m'malo mwa anthu onse, monga zinkachitikira ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi kapena ku Msinja. Akatolika adawatenga mawuwa chifukwa kwa iwo Misa ndi nsembe, ndipo amene amaimirira pa guwa ndi wansembe ndithu. Aangilikani nawonso amati ansembe. A CCAP ndi Apulotesitanti ena adawapewa dala. Iwo amaphunzitsa kuti nsembe idaperekedwa kamodzi kokha pamtanda, ndipo potsamira 1 Petro 2:9 amati mkhristu aliyense ali ndi unsembe. Mtsogoleri wawo ntchito yake ndi kudyetsa ndi kulondolera nkhosa, n'chifukwa chake adamutcha mbusa, mawu omwe timatchulira mnyamata wa ng'ombe kudambo.

Apa pali kanthu kamene ambiri sakadziwa. Kutchula wansembe kuti abusa ndi kuphonya, koma kuphonya kwake n'kochepa, chifukwa Akatolika nawonso amawadziwa mawuwa. Ali ndi Lamulungu la Mbusa Wabwino, amapempherera ansembe ndi aepiskopi awo ngati abusa a mpingo, kungoti saitanira nawo munthu. Koma kutchula mbusa wa CCAP kuti wansembe ndiye kulakwa kwenikweni, popeza mwamuveka chinthu chimene mpingo wake udachikana poyera. Ndiye mukasokonezeka pakati pa mwambo, dziwani mbali yomwe kuli phompho.

Poitana wansembe timati Bambo, n'kutsatiza dzina lawo: Bambo Uje. Polankhula nawo maso ndi maso mutha kungoti Abambo. Wansembe amene akuyang'anira parishi yonse ndi Bambo mfumu, ndipo ena okhala nawo pa parishipo ndi owathandizira. Samalani pamenepa, chifukwa pa mwambo wanu padzakhalanso mafumu enieni a m'mudzi. Mukangoti "tipemphe a mfumu atitsegulire" anthu awiri akhoza kudzuka nthawi imodzi. Nenani mawu onse, Bambo mfumu a parishi yakuti, ndipo musanalembe funsani ngati amene akubwerayo ndi Bambo mfumu kapena wowathandizira. Kumukweza wothandizira pa pulogalamu kumamuika pamalo ovuta akabwerera kunyumba ya ansembe.

Pamwamba pa ansembe pali episkopi, amene amayang'anira dayosizi. Dziko lino lili ndi madayosizi 8 a Katolika, awiri mwa iwo, Blantyre ndi Lilongwe, ndi maakidayosizi, ndipo inu a ku Ntcheu muli pansi pa Dedza. Dayosizi imeneyi ili ndi mbiri yake: episkopi wake woyamba, Cornelio Chitsulo, ndiye Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Katolika mu 1937, ndiponso woyamba kukhala episkopi. Akatolika poitana episkopi amati Ambuye Uje. Mawu amenewa ndi amene amawawa kwambiri m'makutu mwa Apulotesitanti, ndipo ndamvapo akulu ampingo akunena motsindika kuti Ambuye ndi mmodzi yekha. Ndikumvetsa. Komabe m'Chichewa mawu akuti ambuye sadayambire m'tchalitchi. Ankanena mwini, wolamulira, ndipo m'madera ena mpaka lero ndi momwe mdzukulu amaitanira agogo ake. Chimodzimodzinso ndi Bambo: otsutsa amatchula Mateyu 23:9, oikira kumbuyo amatchula 1 Akorinto 4:15 pomwe Paulo akudziyesa tate wa akhristu ake. Mkangano umenewu ndi wakale ndipo sudzathera pa chiliza cha agogo anu. Ngati chikumbumtima chanu sichikulolani kunena Ambuye, nenani kuti Aepiskopi a dayosizi ya Dedza. Palibe Mkatolika amene angakudzudzuleni.

Pali anthu ena ovala zachipembedzo amene si ansembe. Asisitere ndi abulazala adalumbira kukhala moyo wodzipereka m'chipani chawo (chipani apa si cha ndale ayi, ndi momwe Akatolika amatchulira magulu amenewa), koma sadadzozedwe ndipo sachita Misa. Muwatchule Sisitere Uje, Bulazala Uje. Dikoni wa Katolika ndi wodzozedwa, ndipo kuno kwathu kawirikawiri amakhala ali pa sitepe yomaliza asanalandire unsembe. Amalalikira, amabatiza, koma Misa sanayambe.

Munthu amene ndikuganiza kuti mudzagwira naye ntchito kwambiri ndi katekisiti. Parishi imodzi imakhala ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambiri, ansembe ndi ochepa, ndiye amene amaphunzitsa ofuna ubatizo, kutsogolera mapemphero a Lamulungu ndi kuika maliro m'midzi nthawi zambiri ndi akatekisiti ndi owathandiza. Katekisiti ndi mkhristu wamba, amakwatira, sadadzozedwe. Musamutche Bambo m'njira ya wansembe, mungoti a katekisiti. Izi zikukhudzanso pulogalamu yanu. Ngati wansembe sabwera, musalembe kuti Misa. Lembani kuti mapemphero. Ndaonapo mapulogalamu osindikizidwa bwino, a zithunzi zokongola, olembedwa "Nsembe ya Misa: a katekisiti", ndipo amene amavutika kulongosola ndi katekisitiyo, amene sadalakwe kanthu.

Tsopano ku CCAP. Mbusa ndi munthu amene adaphunzira zaubusa, monga ku Zomba Theological College kapena ku Josophat Mwale ku Nkhoma, n'kudzozedwa. Ndi yekhayo amene amabatiza ndi kudyetsa Mgonero. Nyuzi zimalemba kuti "Mbusa Uje wati", koma chimenecho ndi Chichewa cha nkhani. Pa maikolofoni, munthu ali pompo, mukuyenera kunena kuti Abusa Auje. Mbusa amene adasiya ntchito chifukwa cha ukalamba ndi Abusa opuma, ubusa suwachoka. Ku CCAP kulibe bishopu, ndipo si mwangozi. Mpingowu umalamulidwa ndi mabwalo: bwalo la pa mpingo lomwe ambiri amati sesheni, kenako presibitale, kenako sinodi. Modereta ndi mlembi wamkulu wa sinodi amasankhidwa kwa nthawi, nthawi ikatha amabwerera kukakhala abusa ngati anzawo. Mukadzamva wina akutchula modereta kuti "bishopu wa CCAP" pofuna kuwalemekeza, dziwani kuti sadawalemekeze.

Mkulu wa mpingo si mbusa wamng'ono, ndiponso si munthu wokalamba chabe. Ndi mkhristu wosankhidwa ndi anzake kuti ayang'anire dera lake, ndipo amakhala m'bwalo limodzi ndi mbusa poweruza nkhani za mpingo. Amalalikira, amayendera odwala, amaika maliro ambiri kuposa mbusa. Mnyamata wa zaka 35 akhoza kukhala mkulu wa mpingo pomwe agogo ake a imvi sali. N'chifukwa chake "akulu ampingo" ndi "akuluakulu a mpingo" si chinthu chimodzi: koyambako mukunena udindo, kwachiwiriko mukungonena anthu olemekezeka onse.

Mawu akuti mtumiki ndiwo oterera kuposa onse, ndipo ndikufuna muwaonetsetse. Mu Buku Lopatulika, pa 1 Timoteo 3, amene Mabaibulo ena amati episkopi akutchedwa woyang'anira, ndipo madikoni akutchedwa atumiki. Choncho m'mipingo yambiri ya CCAP, makamaka ya Nkhoma, mtumiki ndi dikoni: wosonkhanitsa zopereka, wosamala katundu wa mpingo ndi osowa. Kwa a Mboni za Yehova kuli mtumiki wothandiza, amene amathandiza akulu. Ku Katolika mukati otumikira anthu aganiza za ana othandiza wansembe pa guwa. Koma ku mipingo ya Chipentekoste "mtumiki wa Mulungu" ndi mwini mpingo weniweniyo, munthu wa pamwamba. Mawu amodzi, kwina akunena wonyamula mbale ya chopereka, kwina akunena wofika pa galimoto yotsogozedwa. Mukanena kuti "atumiki a Mulungu onse abwere kutsogolo" simudziwa amene adzuke. Ndiye pa funso lanu lakuti wamkulu ndani, yankho ndi lakuti maudindowa sali pa makwerero amodzi. M'kati mwa CCAP mungathe kunena kuti mbusa, mkulu wa mpingo, mtumiki. M'kati mwa Katolika, episkopi, wansembe, dikoni, kenako katekisiti ngati mkhristu wamba wopatsidwa ntchito. Koma kufunsa ngati katekisiti amaposa mkulu wa mpingo ndi funso lopanda poyankhira.

Za amayi ndinenepo pang'ono, chifukwa pamenepa anthu amalakwa ndi mtima wabwino. Mkazi wa mbusa timamutcha mayi busa, ndipo m'mipingo yambiri amakhala ndi gawo lalikulu potsogolera amayi anzake. Koma masinodi a Blantyre ndi Livingstonia ali ndi amayi odzozedwa ubusa, ndipo mipingo yambiri ya Chipentekoste nayonso ili nawo. Mayi wodzozedwa ndi Abusa, basi. Kumutcha mayi busa ndi kumuvula kolala n'kumusandutsa mkazi wa munthu wina. Magulu a amayi nawo ali ndi mayina awo: ku Nkhoma ndi Chigwirizano, ku Blantyre ndi Mvano, ku Livingstonia ndi Umanyano, ku Seventh Day ndi Dorika, ku Baptist Convention ndi Umodzi wa Amayi. Kwa inu nkhaniyi ndi yamoyo, chifukwa Ntcheu ndi kumene masinodi a Nkhoma ndi Blantyre amakumana, ndipo yunifomu za amayiwa zimafanana kwambiri moti ndi maso okha simungasiyanitse. Funsani mpingo umene achokera. Amayi amene aphika usiku wonse n'kuimba mpaka mawu kusasa sakondwa kuthokozedwa ndi dzina la gulu lina.

Tibwere kwa mlendo wa azakhali anu. Mipingo ya Chipentekoste yakale, monga Assemblies of God, imagwiritsa ntchito kwambiri mawu akuti abusa. Mautumiki atsopano ndiwo adafalitsa mayina a mneneri, mtumwi ndi bishopu, potsamira Aefeso 4:11 pomwe patchulidwa atumwi, aneneri, alaliki, abusa ndi aphunzitsi. Kunena zoona, ena mwa mayinawa munthu amapatsidwa ndi bungwe lomwe lingathenso kumulanda, pomwe ena munthu amangodzuka nawo m'mawa. Ine ndili ndi maganizo anga pa zimenezi, ndipo mwina inunso muli nawo, koma pa mwambo si pamalo pake. Mukati "Mneneri Uje a mpingo wakuti" simukuchitira umboni kuti amalosera zoona. Mukungonena mmene amadziwikira. Chimene ndingakuletseni ndi mayina a chikondi amene owatsatira amawaitanira, monga Dadi kapena Papa. Amenewo ndi a m'nyumba mwawo. Komanso pa mwambo wa munthu amene anali Mkatolika, mawu akuti Papa ali ndi mwini wake ku Roma, ndipo mudzaona nkhope za amayi a Katolika zikusintha.

Choopsa chachikulu pa mlendoyu si dzina, ndi maikolofoni. Malemu anali Mkatolika, ndiye mwambo wa mapemphero uli m'manja mwa mpingo wawo. Kuwalonjera aneneri ndi ulemu. Kuwapatsa mpata wolalikira kapena kupempherera manda popanda kufunsa wansembe kapena katekisiti ndi kuyambitsa mlandu umene udzatsale ndi inu alendo atapita. Kambiranani ndi azakhali anu nthawi ikadalipo, pamaso pa mwini mbumba, kuti adziwiretu malire.

Amalume anu ndiye osavuta, mukangodziwa chinthu chimodzi: a Mboni alibe gulu la abusa ndipo sagwiritsa ntchito mayina aulemu a chipembedzo. Ngakhale atakhala mkulu mumpingo mwawo, sayembekezera kuti mulengeze zimenezo. Pakati pawo amatchulana m'bale ndi mlongo, wolalikira khomo ndi khomo ndi wofalitsa, wodzipereka maola ambiri ndi mpainiya, ndipo malo awo osonkhanira ndi Nyumba ya Ufumu, sanena kuti tchalitchi. Inu muwatchule monga amalume, mwini mbumba ngati ndi iwo. Musawadzidzimutse ndi pempho lakuti atsegule ndi pemphero kapena ayambitse nyimbo, chifukwa sachita nawo mapemphero a mipingo ina, ndipo akaima chapatali pa nthawi ya mapemphero musakutenge ngati mwano. Dzina lakuti Achitawala lisatuluke pakamwa panu. Anthu amenewa adaletsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, ambiri adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo kwa achikulire dzinalo limanunkha masiku amenewo.

Mwafunsanso za anthu wamba a mumpingo, ndipo m'kuona kwanga apa ndi pamene pali minga yambiri kuposa pa mayina a atsogoleri. Mawu otetezeka ndi akhristu. Akatolika pofuna kusiyanitsa anthu wamba ndi ansembe ndi a m'zipani amati akhristu eni ake, mawu amene ine ndimawakonda chifukwa amaika mpingo m'manja mwa anthu. Timagulu tawo ta m'midzi, kwina amati mphakati, kwina limana. Timeneti tidazika mizu m'zaka za m'ma 1970, ndipo Patrick Kalilombe ali episkopi wa Lilongwe adalimbikira kwambiri za miphakati. A CCAP timagulu totere amati milaga. Mawu akuti nkhosa amakoma akamanena mbusa pa gome, koma woyendetsa mwambo akati "abusa ndi nkhosa zawo" zimamveka ngati chipongwe. Abale ndi alongo ndi mawu abwino ndipo aliyense amawalandira. Kungoti m'Chichewa cha makolo mlongo ndi m'bale wako wosiyana naye chibadwidwe, moti mkazi amatchula mchimwene wake kuti mlongo wanga. M'tchalitchi mawuwa amanena akazi okha, ndipo ana ambiri a m'tauni lero sadziwanso tanthauzo loyambalo.

M'kati mwa mpingo akhristu sakhala pa muyeso umodzi, ndipo mawu ake alipo. Ku CCAP kuli a kalasi, amene akuphunzira kuti abatizidwe kapena alandiridwe, ndiye kuli a Mgonero, amene ndi mamembala okwanira. Kulinso odulidwa kapena oimitsidwa chifukwa cha mlandu, amene akalapa amabwezedwa. Ku Katolika mudzamva kuti uje salandira, kutanthauza kuti sapita ku Ukalistia, kawirikawiri chifukwa cha ukwati umene sudadalitsidwe. Ndakuuzani mawuwa kuti muwamve akamanenedwa, osati kuti muwanene. Ndi nkhani za bwalo la mpingo. Polemba mbiri ya malemu kapena potchula ana awo, musayerekeze kulongosola kuti uyu ndi wa Mgonero, uyu adadulidwa, uyu adabwerera m'mbuyo. Ngakhale amene akukunong'onezani ndi mkulu wa mpingo, zisiyeni.

Pali mawu ena atatu oti muwatsekere kunja kwa mpanda. Loyamba ndi akunja, kapena achikunja, ponena anthu osapita ku tchalitchi. Pa mwambo wa m'mudzi anthu amenewa ndi amene akumba, amanga chiliza, asenza madzi, ndipo ena mwa iwo ndi mafumu. Ngati pakufunika kuwatchula, nenani kuti a chipembedzo cha makolo, kapena mungoti anthu onse a m'mudzi muno. Nthabwala ija yotchula a Gule Wamkulu kuti a mpingo wa Aroni isiyeni kwa eni ake. Lachiwiri ndi mpatuko. Mpingo uliwonse umene ukutchedwa mpatuko umadziona kuti ndiwo uli pa njira, ndipo pafupifupi mipingo yonse idachokera mu unzake. Lachitatu ndi mayina a m'khwalala monga Aroma, Adatchi, Apente. Anthu amatchulana choncho pocheza ndipo nthawi zambiri palibe choipa, koma pa maikolofoni nenani kuti a Katolika, a CCAP, a Chipentekoste. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi, pafupifupi 17 ndi Akatolika ndipo 14 ndi a CCAP, kutanthauza kuti m'dziko muno ambiri sali m'mipingo iwiriyi. Ngati pali Asilamu, mtsogoleri wawo ndi shehe, ndipo mawu akuti mpingo sawakwanira. N'chifukwa chake pa misonkhano ya boma mumamva kuti atsogoleri a mipingo ndi zipembedzo.

Za kalembedwe, mudzaona ena akulemba mbusa, ena m'busa. Zonse ziwiri zili m'mabuku ndi m'nyuzi, ndipo Buku Lopatulika limalemba mbusa. Sankhani chimodzi, chikhale chomwecho pa pulogalamu yonse. Pomwe simuyenera kuiwala kachizindikiro kaja ndi pa m'bale, chifukwa mukakasiya mwalemba mbale yodyera. Dzina la udindo likatsogolera dzina la munthu liyambe ndi chilembo chachikulu, ndipo musaunjike maudindo ngati "Abusa Reverend Pastor Uje". Limodzi lakwana.

Nanga ndondomeko ya malonje? Kumudzi mafumu ndiwo amayamba, kuyambira wamkulu amene alipo, chifukwa nthaka ndi manda zili m'manja mwawo. Kenako mpingo umene ukutsogolera mwambo, kenako atsogoleri a mipingo ina monga alendo. Mutha kunena motere: "Mafumu athu onse, Bambo Uje a parishi yathu pamodzi ndi a katekisiti, Abusa Auje ndi akulu ampingo a CCAP, Mneneri Uje amene atiyendera kuchokera ku Lilongwe, atsogoleri a mipingo ndi zipembedzo zonse muli pano, amayi a m'magulu athu, abale ndi alongo." Mukatero kamodzi koyambirira, pambuyo pake simufunikanso kubwereza mndandanda wonse nthawi iliyonse mwagwira maikolofoni. Oyendetsa mwambo ambiri amatopetsa anthu ndi malonje kuposa ndi china chilichonse, dzuwa lili pamutu.

Zimene ndalembazi ndi za mipingo yonse mwachidule, koma parishi iliyonse ndi mpingo uliwonse uli ndi kachitidwe kake. Choncho musanapite kosindikiza, tengani pulogalamu yolemba pamanja mukaonetse a katekisiti kapena ku ofesi ya parishi, ndipo mbali ya CCAP mukaonetse mlembi wa sesheni. Afunseni dzina lenileni la amene akubwera, kalembedwe kake ndi udindo wake, chifukwa ansembe ndi abusa amasamutsidwa ndipo amene adaika maliro mwina si amene alipo lero. Kwa aneneri, funsani azakhali anu kapena mlembi wa mpingowo mmene amafunira kutchulidwa. Mukaona kuti nkhani yakula, abale ayamba kukokana za amene atsogolere mapemphero kapena ngati chiliza chidalitsidwe n'komwe, imeneyo si nkhani ya mawu ndipo si yanu. Ibwezeni kwa mwini mbumba ndi a mfumu, aitane a mpingo akambirane tsiku lisanafike.

Chinthu china, poti ndinu mphunzitsi ndipo anthu azikufunsani. Dzina la udindo palokha silitsimikiza kuti munthu ali ndi mphamvu pamaso pa boma. Wachibale akafuna kumangitsa ukwati kwa mtsogoleri wa mpingo umene simukuudziwa bwino, kaya akutchedwa bishopu kaya mtumwi, mulangizeni ayambe wakafunsa ku ofesi ya DC ngati setifiketi ya kumeneko ndi yovomerezeka. Pa tsiku la mwambo wanu, fikani msanga, mukapereke moni kwa mlendo aliyense wovala kolala kapena mkanjo asanakhale pansi, mumufunse dzina ndi mpingo, mulembe pa kapepala. Kawirikawiri pamabwera mmodzi amene palibe adakuuzani.